Madisiketi Khumi ndi Mjigo wa Kwathu

Mjigo wa kwathu anauyesa mwezi wa Juni, nthawi imene ku Lundazi ngakhale agalu amagona paphulusa chifukwa cha chisanu. Unagwira ntchito bwino zedi. Dzuwa likangotuluka, mapanelo a sola ankadzutsa pampu, pampu n'kumakankha madzi kukwera m'thanki, azimayi n'kumatunga pampopi atavala majuzi. Amayi anga, amene kuyambira utsikana wawo ankatunga kudambo, ulendo wa ola lathunthu kupita ndi kubwera, anaponya nkhata yawo padenga la khitchini n'kulengeza kuti khosi lawo lapuma pantchito.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ine ndinali nditangoyamba kumene ntchito ku projekiti yomwe inaika mjigowo. Ofesi yathu inali ya zipinda zitatu kuseri kwa msika. Tinalimo anthu asanu: a manejala, mayi wotaipa, dalaivala, mlonda ndi ine. Ndinali ndi satifiketi ya makompyuta ya miyezi isanu ndi umodzi ya ku Chipata, choncho onse ankanditcha ba Kompyuta. Mudzi wathu unasankhidwa ine ndisanalembedwe n'komwe ntchito, koma anthu akamandithokoza kutchalitchi sindinkawatsutsa. Ndinkangoti, "Yewo, n'zazing'ono," ndi nkhope ya munthu amene ali ndi mijigo ina iwiri m'chikwama.

Amene anaika mjigowo anali mzungu wina wandevu, wovala kabudula ngakhale kumaliro. Pansi pa mapanelo anakhomapo kabokosi kotuwa, ndipo m'kabokosimo munali pulogalamu youza pampu nthawi yoyamba ndi nthawi yoima. Pulogalamuyo anailemba yekha, polumikiza zidutswa zomwe anthu ena m'maiko ena analemba n'kuzipereka mwaulere. Ankainyadira kwambiri. Anandikhazika milungu iwiri pa kompyuta yake, yomwe inkayendera pulogalamu yaikulu yotchedwa Linux, n'kumandiuza kuti palibe chachinsinsi: aliyense akhoza kuwerenga mawu a pulogalamuyo, kuwasintha, kenako kuimanganso. Kumanga kwake kunali kutaipa liwu limodzi n'kudikira kuti kompyuta isandutse mawu owerengeka ndi munthu kukhala chinthu chomveka kwa kabokosi, n'kuchithira mkatimo kudzera pachingwe. Pa kompyuta yakeyo zinkatheka ndisanamalize n'komwe kapu ya tiyi. Mu Julayi anakopera mawu a pulogalamuwo pa kompyuta yachiwiri ya ofesi, yomwe nayonso inali ya Linux, anatigwira chanza tonse, n'kukwera ndege ndi kompyuta yake ija.

Pa ofesi pathu panali lamulo lomwe silinalembedwe paliponse koma linkasungidwa kuposa onse olembedwa. Chilichonse chobwera m'katoni kuchokera kunja kwa Lundazi chinali cha tonse. Makalendala, madayale, zolembera, zipewa, zonse zinkaikidwa patebulo la a manejala n'kugawidwa motsata maudindo. Kubisa katoni kunali ufiti. Choncho mu Ogasiti, itafika katoni yaing'ono ya masitampu akunja, tinaitanidwa tonse monga mwa mwambo. Munali madisiketi khumi osungiramo zinthu za m'kompyuta, iliyonse ili ndi nambala ya pensulo pakona. Munalinso kalata, koma a manejala anaiona kutalika kwake, anaiboola mabowo awiri n'kuiika mu fayilo ya makalata osiyanasiyana, momwe makalata ankalowa osatulukanso.

"Mzungu watikumbukila," anatero. Anatenga madisiketi asanu. Mayi wotaipa anapatsidwa awiri, ndipo dalaivala, mlonda ndi ine tinalandira imodzi imodzi. Mlonda analandira yake ndi manja awiri, atanjuta.

Ine ndinaseka mumtima poona anthu opanda kompyuta akunyadira madisiketi. Yanga ndinailowetsa tsiku lomwelo mu kompyuta yotaipira makalata. Kompyuta inati disiketiyi siyikuwerengeka, n'kufunsa ngati ndikufuna kuifomata, ndiye kuti kufufuta zonse kuti ikhale yatsopano. Katswirine sindinazengereze. Ndinavomera, ndinamata pepala latsopano pamwamba pa nambala ija, n'kuyamba kusungamo makalata anga ofunsira ntchito ku Lusaka, omwe ndinkawataipa nthawi ya nkhomaliro a manejala akapita kukadya.

Seputembala atafika, mjigo unayamba ulesi. Unkagwira ntchito m'mamawa, koma dzuwa likangokwera pang'ono unkangoti zii, mpaka madzulo mphamvu ya sola itatha kale. Thanki sinkadzaza. Amayi ananditumizira uthenga kudzera kwa wogulitsa tomato mumsika woti ndibwere ndidzaone mwana wanga, mjigo uja, akudwala. Ndinapalasa njinga kupita kumudzi, ndinamasula kabokosi, n'kubwera nako ku ofesi nditakakulunga m'chitenje.

Vuto ndinalipeza tsiku limodzi lokha, ndipo ndinadzitama nalo mlungu wathunthu. M'mawu a pulogalamu munali mzere wouza pampu kuti izime mkati mwa kabokosi mukatentha kufika madigiri 40. Kwawo kwa mzunguyo mwina kutentha kotero kumalengezedwa pa wailesi. Kwathu kabokosi kachitsulo kokhala padzuwa kamafika pamenepo anthu asanamwe n'komwe phala. Zipangizo zake zinkatha kupirira kuposa apo, bukhu lake linkatero. Ndinafufuta 40 n'kulemba 65. Kunangotsala kumanga.

Mlungu womwewo kunabwera kalata yochokera ku likulu la projekiti ku Lusaka. Inati kumapeto kwa Okutobala kudzabwera oyendera, ndipo mjigo uliwonse womwe adzaupeze usakugwira ntchito adzachotsapo mapanelo n'kukawaika kwina. Sindinade nkhawa. Ndinauza a manejala kuti ndi nambala imodzi chabe, ndinauza amayi chimodzimodzi, ndipo amayi anauza mudzi wonse.

Ndinataipa liwu lomangira lija. Kompyuta inaganiza kamphindi, inalemba mizere itatu, n'kuima. Inati fayilo yakutiyakuti palibe. Ndinafufuza ponseponse mu kompyutamo, osaipeza. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mzungu anatisiyira mawu ake okha, koma zidutswa za anthu ena zomwe mawuwo ankatsamira zinapita ndi kompyuta yake pandege.

Ku Lundazi kunalibe intaneti yoti ine n'kuifikira. Foni ya ofesi inkalira ikafuna. Koma ku Chipata ndinali ndi mnzanga wa kukoleji yemwe ofesi yake inali ndi imelo, ndipo ankadziwa njira yoitanitsira mafayilo kunja. Ndinalemba dzina la fayilo yosowayo papepala, chilembo ndi chilembo, ndinaika mu envelopu pamodzi ndi disiketi ya ofesi, n'kukapatsa kondakitala wa minibasi. Msewu wa ku Chipata masiku amenewo unali maenje okhala ndi timisewu pakati. Envelopu inapita Lolemba n'kubwera Lachisanu, ikununkha nsomba zouma.

Ndinaika fayiloyo, ndinataipa liwu lija. Mizere inafika isanu ndi iwiri. Kenako kompyuta inati zikomo, koma fayilo mwabweretsayi siyigwira ntchito popanda inzake yakuti. Ndinalemba pepala lina. Yachiwiriyo itabwera, kompyuta inati fayiloyo ndi yatsopano kwambiri, ikufuna kompayila yatsopanonso, ndiye kuti pulogalamu yomwe imasandutsa mawu aja pomanga, chifukwa yathu inali yokalamba. Kompayila inabwera pa madisiketi atatu, imodzi itapindika chifukwa wina anaikhalira pa Lumezi. Zinali ngati nkhani ya malowolo: ukapita kwa atate akuti onana ndi amalume, amalume akuti popanda azakhali palibe chimene anganene, azakhaliwo ali kumunda. Chinkandipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti kompyuta sinkatchula zosowa zonse nthawi imodzi. Inkatchula chimodzi, n'kudikira kuti minibasi ipite ndi kubwera isanatchule chinzake.

"Ba Kompyuta," a manejala ankatero m'mawa uliwonse atasuzumira pakhomo, "si munakamba kuti ni nambala imozi chabe? Manje iyi nambala ni itali bwanji?"

Kabokosi ndinali nditakabwezera kumudzi kuti anthu azitungako m'mamawa, ndipo ndinkapitako Loweruka lililonse. Nawo sanakhale manja lende. Anakamangira kadenga ka udzu. Amayi anga ankanyowetsa thumba n'kukafunditsa, kuti kazizire. Zinkathandiza mpaka cha m'ma leveni, kenako pampu n'kuzima ndithu, chifukwa kabokosiko kankadzitenthetsanso kokha mkati. Choncho madzi ochepa otuluka pamjigo ena ankathera kusambitsa mjigo womwewo, ndipo masana azimayi ankatsetsereka kudambo ngati kale. Ndikafika, amayi sankandifunsa kanthu. Ankangondipatsa madzi akumwa a kudambo, otuwa, n'kumandiyang'ana ndikumwa.

Milungu inayi inatha chotero. Tsiku lina, kutatsala masiku khumi kuti oyendera afike, ndinakwera galimoto ya projekiti kupita ku positi ofesi. Pagalasi la dalaivala pankalendewera disiketi yomangidwa ndi ulusi wofiira. Ndinali nditaiona kambirimbiri, koma tsikulo dzuwa linawala pakona pake ndipo ndinaona nambala ya pensulo. Inali wani wolembedwa ngati denga la nkhokwe. Munthu mmodzi yekha ku Lundazi konse ankalemba wani chotero, ndipo anali atapita.

"Iyi disiketi munaichosa mu katoni ija?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinkalidziwa.

"Ni gifiti yanga iyi, sisita," dalaivala anatero. "Imaoneka bwino, ai?"

Titabwerera ndinapita molunjika ku fayilo ya makalata osiyanasiyana. Kalata ija inali pakati pa chiitano cha ukwati ndi dandaulo la matayala. Mzungu analemba mwaulemu kuti anaiwala kutisiyira zidutswa zofunika pomanga pulogalamu, choncho watitumizira zonse, zogwirizana bwinobwino, pa madisiketi khumi. Anawonjeza kuti madisiketiwo amawerengeka pa kompyuta ya Linux yokha, ndipo kompyuta ina ikanena kuti ndi owonongeka tisaimvere. Mawu akuti tisaimvere anawadula mzere kunsi kawiri.

Ndinakumbukira pomwepo chimene ndinachita ndi yanga. Koma munthu amadzinyenga msanga. Ndinadziuza kuti pa madisiketi khumi, mwina yangayo inali ya zinthu zomwe ndinaitanitsa kale ku Chipata, ndipo tsamba lachiwiri la kalatayo, lomwe linkafotokoza za m'disiketi iliyonse, sindinaliwerenge dala.

Kutolera mphatso zomwe zinagawidwa kale ndi ntchito yochititsa manyazi kwathu. Ndinayamba ndi mlonda. Anapita kunyumba pa njinga n'kubwera ndi yake ili m'pepala la pulasitiki, mkati mwa bukhu la nyimbo, yopanda ndi kafumbi komwe. Dalaivala anadula ulusi wake akung'ung'udza, nandilonjezetsa kuti ndidzam'patsa ina yamtundu womwewo. Mayi wotaipa anatulutsa awiri ake m'chikwama, pakati pa mafuta odzola ndi makiyi.

"Ninayesako," anatero. "Inanifunsa funso ya Chizungu, ati nifomate? Ine kompyuta ikanifunsa vintu vamene siniziba, nimakana chabe."

Ndinamuyang'ana mayi uja, yemwe ndinkamuseka chifukwa chotaipa ndi zala ziwiri.

A manejala ndiwo anavuta. Asanu awo anali mu kabati yokiya, osagwiritsidwapo ntchito, chifukwa iwo ndi kompyuta ankangopatsana moni. Anati katundu wogawidwa kale sangabwezedwe pakamwa, ndilembe kalata yopempha. Ndinalemba. Anaiwerenga, anakonza mawu awiri, anadinda, kenako anatsegula kabati yomwe inali pambali pa mwendo wawo.

Ndinawandandalika patebulo motsata manambala. Wani mpaka sikisi analipo. Eyiti, naini ndi teni analipo. Onse anawerengeka bwinobwino, ngakhale ya dalaivala yomwe inapsa padzuwa ndi kugwedezeka m'maenje miyezi iwiri. Ndinakopera zonse, ndinataipa liwu lomangira, ndipo kwa nthawi yoyamba mizere inayamba kuthamanga osaima. Inadzaza sikirini, inapitirira, inadzazanso. Ndinaimirira. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikafikire kumudzi ndi kabokosi pa njinga, ndi mmene ndidzanenere kuti n'zazing'ono. Kenako mizere inaima. Kompyuta inati fayilo imodzi palibe, yolankhulitsa kabokosi ndi mota ya pampu.

Ndinatenga tsamba lachiwiri lija. Pa nambala seveni mzungu analemba kuti chidutswa chimenechi n'chake, analemba yekha chifukwa mota yathu inali ya mtundu wachilendo, sanachitumize kwina kulikonse, choncho tiisamale disiketiyo kuposa ena onse. Ndinatsegula chikwama changa. Ndinamatula pang'onopang'ono pepala lolembedwa kuti Makalata Anga. Pansi pake panali seveni wa pensulo, wodulidwa pakati ndi kamzere.

Tsiku lotsatira ndinakwera ndekha minibasi ya ku Chipata, disiketi ili m'kamisolo. Mnzanga uja anayesa njira zonse zomwe ankazidziwa. Anapezamo makalata anga anayi, onse oyamba ndi mawu akuti ndine munthu wosamala kwambiri pantchito. Za mzungu zinali zitafufutika, ndipo zotsala zake makalata angawo anali atazikhalira. Tinatumizira mzunguyo imelo. Tinadikira mpaka ofesi kutseka, ndipo m'mawa mwake tinadikiranso. Yankho silinabwere. Ndinayesa kulemba ndekha chidutswacho masiku otsalawo, ndi satifiketi yanga ya miyezi isanu ndi umodzi, koma sindinkadziwa n'komwe chilankhulo chimene mota ija inkamva.

"Manje seveni ili kuti?" a manejala anafunsa nditabwerako, onse ali pomwepo.

"Kapena siinabwele," ndinatero.

Mlonda anandiyang'ana. Iye ndi amene anandipatsira disiketiyo pa tsiku logawana lija, kuchokera patebulo kufika m'manja mwanga. Kenako anatuluka kukathirira maluwa. A manejala anapukusa mutu nati azungu ndi choncho, ntchito zawo n'zosamaliza. Ndinavomereza ndi mutu. Pa zonse zomwe ndinachita chaka chimenecho, kugwedeza mutu kumeneko n'kumene kumandichititsa manyazi kwambiri.

Oyendera anabwera monga analonjezera. Mjigo wathu unkagwira ntchito m'mawa uliwonse mpaka cha m'ma leveni, koma alendo ochokera ku Lusaka sayendera mijigo asanadye nkhomaliro. Anafika thuu koloko masana. Anapeza kadenga ka udzu, thumba lonyowa, ndi azimayi atakhala chete pamthunzi atavala zitenje za kutchalitchi. Mmodzi anatsegula mpopi, panatuluka mpweya. Amayi anga anayesa kufotokoza kuti abwere m'mamawa adzaone okha. Mlendoyo anamwetulira mwaulemu, analemba kanthu papepala, n'kufunsa ngati njira yobwererera kuboma ndi yomweyo. Mu Novembala lole inabwera kudzamasula mapanelo.

Mzungu anayankha mu Disembala. Anali kokwera mapiri, anatero, ndipo anapepesa ndi mtima wonse. Anatumiza fayilo ija, kanthu kakang'ono kosadzaza n'komwe masamba awiri. Mnzanga anaitumiza pa minibasi. Ndinaiika, ndinataipa liwu lija, ndipo pulogalamu inamangika yonse mpaka kumapeto popanda dandaulo lililonse. Ndinaithira m'kabokosi, kamene ndinakatenga kumudzi mapanelo atachotsedwa, ndipo kanyali kobiriwira kanayaka. Ndinakaika pashelefu, pambali pa makalendala otsala.

Mwezi womwewo ndinalandira yankho lochokera ku Lusaka. Imodzi mwa makalata anayi aja inagwira, ndipo anandiitana kukayamba ntchito chaka chatsopano. Ku ofesi anandichitira phwando la fanta ndi mabanzi. A manejala analankhula za luso langa, ndipo mlonda anawomba nawo m'manja akuyang'ana pansi.

Tsiku lotsazika kumudzi ndinapita ndi amayi kudambo m'mawa. Nkhata yawo ija inali itawolera padenga, choncho anali atapota ina ya nsalu yakale. Tinadutsa pamjigo. Mafelemu a mapanelo anali chiimire opanda kanthu, ndipo wina anali atayanikapo chigwada. Ndinali nditakonzeka usiku wonse kuti ndiwauze zoona, ndipo tili pachitsime, ndikutunga ndi chikho, ndinayamba.

"Amama, nkhani ya mjigo ija..."

"Leka kudandaula, mwana wane," anandidula. "Unayesa. Makina yako yanatikaniza maji, koma bola yanakulembela kalata yabwino."

Anaseka, akundinyadira ndi mtima wonse. Ndinati, "Yewo, amama." Kenako anaika nkhata pamutu, anawerama pang'ono, ndipo ine ndinanyamula ndowa yodzaza n'kuwasenzetsa.